NSOMBA ZA MU KAFUE NDI MADZI OIPA A KU MIGODI

M'makomboni a Lusaka, kuyambira ku Kanyama, George ndi Matero kumadzulo kufikira ku Kalingalinga ndi Mtendere kum'mawa, palibe ndiwo yodziwika koposa nsomba. M'mawa uli wonse ku msika wa Soweto kufika mitanga ndi matumba a nsomba zouma ndi zaziwisi, ndipo madzulo amai azigawa timilu ting'onoting'ono pa matebulo a m'mbali mwa miseu, kuti ngakhale wosauka apeze codyera nsima. Zambiri zicokera kutali: kapenta ku Siavonga ndi ku Mpulungu, buka-buka ku nyanja ya Tanganyika, ndi bream zoweta za pa Kariba. Koma zina zicokera mu Kafue, mtsinje womwewo umene upatsa Lusaka gawo lalikuru la madzi ace akumwa. Nkhani ino ifotokoza cimene cicitika m'thupi la nsomba pamene madzi onyansa a m'migodi ndi m'mafakitale alowa mu mtsinje, ndiponso cifukwa cace nsomba yopulumuka iyenera kuyang'aniridwa koposa yakufa.

Njira ya mtsinje

Kafue uyambira pafupi ndi malire a Congo, nuyenda makilomita oposa 1,500 usanathire mu Zambezi pafupi ndi Chirundu. Ukali waung'ono upita pakati pa migodi ya mkuwa, pa Chililabombwe, Chingola ndi Kitwe. Kucokera kumeneko utsikira kumwera, nupita m'mbali mwa dambo la Lukanga, nulowa m'nkhalango ya zinyama ya Kafue, nufika pa damu la Itezhi-Tezhi. Kunsi kwa damulo ufalikira m'cigwa cacikuru ca Kafue Flats, kumene kuli misasa yambiri ya asodzi. Pafupi ndi tauni ya Kafue, pa malo ochedwa Iolanda, pali makina opopa madzi amene awatumiza m'mipope kufikira ku Lusaka. Cotero munthu wa ku Chawama amene sanaonepo mgodi ndi maso ace ali kunsi kwa migodi yonseyo. Akuru anati madzi saiwala khwawa, ndipo cimene catayidwa kumtunda cifunafuna njira yomweyo.

Zimene zinacitika ku Chambishi

Omvera a ku migodi adziwa kuti miyala ina sipereka mkuwa wace ndi moto, koma ndi asidi. Miyalayo iperedwa, nithiridwa asidi amene asungunula mkuwa. Zotsalira, ndiwo matope osakanizika ndi asidi ndi zitsulo zina, zisungidwa m'madamu akuru ochingidwa ndi makoma a dothi.

Pa 18 February 2025 khoma la damu lotere linagumuka pa kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi. Akatswiri a bungwe la Engineering Institution of Zambia anawerengera kuti malita ngati 50 miliyoni a madzi a asidi anatuluka. Madziwo anatsikira mu mtsinje wa Mwambashi, nalowa mu Kafue. Cimanga ndi nsawawa za m'minda ya m'mbali mwa madzi zinauma monga zowauka ndi moto. Mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipope kwa masiku. Nsomba zakufa zinaoneka zitayandama pa mtunda woposa makilomita 100 kunsi kwa malo a ngoziyo. Boma linatuma ndege za asilikari ndi mabwato kukathira laimu mu mtsinje kuti aziziritse ukali wa asidi.

Pambuyo pace panauka mkangano pa kukula kwa ngoziyo. Kampani ya ku South Africa yochedwa Drizit, imene inalembedwa nchito ya kuyesa malowo, inanena kuti zotayikazo zinafika matani 1.5 miliyoni, ndiko kuposa kwambiri ciwerengero coyamba cija. Sino-Metals inakana mau amenewo, nithetsa pangano lace ndi Drizit. Mu August 2025 ofesi ya kazembe wa America inacotsa anchito ace ku Kitwe ndi madera oyandikana nawo, pamene boma la Zambia linanena kuti madzi abwerera mwakale.

Sikunali kuyamba. Mu November 2006 mpope wa zonyansa wa kampani ya Konkola Copper Mines unaphulika ku Chingola, ndipo madzi oipa analowa mu kamtsinje ka Mushishima ndi mu Kafue. Bwalo lalikuru la milandu ku Lusaka linapeza kampaniyo yolakwa mu 2011. Anthu ena 1,826 a m'midzi ya pafupi ndi Chingola anakasuma ku London, ndipo mu 2019 bwalo lapamwamba la ku Britain linalola kuti mlandu wao umvedwe kumeneko. Mu January 2021 mlanduwo unatha ndi cigwirizano ca malipiro, kampani osabvomera kulakwa.

Imfa ya msanga

Kuseri kwa mutu wa nsomba kuli ziwalo zofiira zonga nthenga, zochedwa makha. Ndizo mapapo ace. Khungu la makha ndi lopyapyala kwambiri, kuti mpweya wa m'madzi ulowe m'mwazi mosabvuta. Makhawo ali ndi nchito yaciwiri imene ambiri saidziwa. Mwazi wa nsomba uli ndi mcere woposa wa madzi a mu mtsinje, cotero mcerewo uli kuthawa m'thupi nthawi zonse, ndipo makha ndiwo aubweza, nautola pang'onopang'ono m'madzi.

Asidi ndi mkuwa wosungunuka ziononga nchito zonse ziwirizi. Makha atupa, nakutidwa ndi mamina ambiri, mpweya nulephera kupyola. Mcere utuluka osabwezedwa, mwazi nulimba, mtima nutopa. Nsomba ikwera pamwamba iri kakasi kukamwa, nizungulira, nitembenuza mimba. Mkuwa wocepa, wosafika pa kupha, uononga mphuno za nsomba, kotero kuti sinunkhiza bwino cakudya kapena mdani.

Pali imfa inanso yocokera ku zonyansa zobvunda, monga mwazi wa kophera ng'ombe, masese a kofulula mowa ndi za m'zimbudzi. Izi siziri ululu mwa izo zokha, koma tizirombo tosaoneka timene tizibvunditsa timaliza mpweya wa m'madzi. Cifukwa cace nsomba za m'madzi otere zipezeka zakufa mbanda kuca, pakuti usiku zomera za m'madzi sizipanga mpweya.

Makolo anadziwa kupha nsomba ndi mankhwala a m'chire, amene ena achula katupe, Abemba nati ububa. Mankhwala amenewo aledzeretsa nsomba za pa dziwe limodzi, ndipo patapita masiku owerengeka mphamvu yace yatha, pakuti ndi zomera ndipo ziola. Citsulo siciola. Mkuwa, cobalt, arsenic, cadmium ndi ntobvu, citsulo colemera cija cinakumbidwa ku Kabwe kufikira 1994, zikhala zaka ndi zaka. Laimu acepetsa asidi, nagwetsa zitsulo pansi pa mtsinje, koma sazicotsa. Madzi ayera pamwamba, zitsulo ziri gone m'matope, kudikira madzi osefukira a dzinja kuti azibvundule.

Nsomba yopulumuka

Apa ndi pamene nkhani ya nsomba yamoyo iyambira. Mlamba uli ndi ciwalo m'mutu mwace copumira mpweya wa kunja, cotero upirira m'madzi amene nsomba zina zafa kale. Ndipo cakudya cace ucifuna pansi, m'matope momwemo. Bream nayonso itola zakudya za pansi. Citsulo cilowa ndi cakudya ndi madzi, nicikhala m'ciwindi, m'impso ndi m'makha. Nsombayo isambira bwino, mamba ace anyezimira, ndipo msodzi kapena wogula sangathe kuisiyanitsa ndi inzace.

M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Sweden anaika bream m'zikwere mu Kafue, zina kumtunda kwa migodi, zina kunsi kwace. Anapeza kuti za kunsi zinasonkhanitsa mkuwa wambiri m'matupi mwao koposa za kumtunda. Pambuyo pace aphunzitsi a za ziweto pa University of Zambia, pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido University ku Japan, anayesanso matope ndi nsomba za m'madzi a dziko lino. Nzeru ya nchito yotere ndi iyi: botolo la madzi linena za ora limodzi lokha limene linatungidwa, koma ciwindi ca nsomba cisunga mbiri ya miyezi yonse imene nsombayo yakhala pamalopo.

Cironda ca m'mbeu

Thupi la camoyo ciri conse limangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tochedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Pakati pa selo pali kanjere, ndipo m'kanjeremo muli ulusi wautali wopindidwa bwino, wochedwa DNA. Pa ulusi umenewu palembedwa malangizo onse a mtundu: kuti mwana wa mlamba akhale ndi ndebvu, msana uongoke, maso akhale awiri. Selo likagawika kukhala awiri, ulusiwo ukopedwa wonse, kuti liri lonse litenge buku lace lathunthu.

Zitsulo zina zikacuruka m'selo ziutsa dzimbiri la m'kati, longa limene lidya khasu losiyidwa pa mvula, ndipo dzimbirilo lidula ulusi uja. Selo liri ndi amisiri ace olumikiza poduka, ndipo masiku onse agwira nchito imeneyi osadziwika. Koma cadmium ndi arsenic zifooketsa amisiriwo. Tsono poduka pacuruka, olumikiza acepa, ndipo malangizo akopedwa ndi zolakwa.

Kuonongeka kumeneku kungathe kuwerengedwa. Maselo ofiira a m'mwazi wa munthu alibe kanjere, koma a nsomba ali nako. Woyesa atenga dontho la mwazi wa nsomba, nalipaka pa galasi, nalithira utoto, naliyang'ana ndi makina okuza zinthu. M'selo labwino muoneka kanjere kamodzi. M'selo limene ulusi unaduka, kacidutswa kotsalira kaoneka ngati kadontho pambali pa kanjere. Awerenga maselo 1,000 kapena kuposa, nalemba angati ali ndi kadontho. M'maiko ambiri kwapezeka kuti nsomba za kunsi kwa mipope ya mafakitale ziri ndi timadontho toposa ta nsomba za m'madzi oyera.

Ngati kuonongekako kuli m'ciwindi kapena m'khungu, nsombayo ingathe kumera cotupa, ndipo bvutolo lifa nayo. Koma ngati kwafika m'mazira a yaikazi kapena m'mbeu ya yamphongo, kupitirira kwa ana. Mazira ena saswa. Ena aswa tiana topindika msana kapena topunduka nsagwada, timene tidyedwa tisanakule. Palibe amene aona imfa zimenezi, pakuti sitiyandama. Msodzi angodabwa patapita zaka ziwiri kapena zitatu kuti ukonde wace ukubwera wopepuka.

Bream yamphongo ikumba cisa cace pansi pa madzi, ndipo mazira aikidwa m'menemo yaikazi isanawatole kuwasunga m'kamwa. Pansi pomwepo ndi pamene zitsulo zigona. Ndiponso caka ndi caka boma litseka usodzi mu Kafue kuyambira 1 December kufikira kutha kwa February, kuti nsomba ziswane mwa mtendere. Damu la ku Chambishi linagumuka m'nyengo yomweyo, asodzi atapacika maukonde ao, tiana ta nsomba tiri tating'ono.

Phunziro la maiko ena

Mu mtsinje wa Hudson ku America, mafakitale a General Electric anataya mankhwala ochedwa PCB kwa zaka ngati 30, kuyambira 1947. Mu 2011 akatswiri anaonetsa kuti kansomba ka kumeneko kochedwa tomcod kanasintha mtundu: tofooka tinafa, ndipo totsala tinali ndi kusiyana pang'ono pa ulusi uja, kumene kutilola kukhala ndi ululuwo osafa. Koma ululuwo uli m'matupi mwace, ndipo nsomba yaikuru yodya tomcod iulandira. Kupirira kwa nsomba sikusonyeza kuti mtsinje wacira.

Ku Minamata, mudzi wa asodzi ku Japan, fakitale ya Chisso inataya madzi okhala ndi mercury m'nyanja. Amphaka odya nsomba anayamba kudzandira ndi kugwera m'madzi. Mu 1956 nthendayo inadziwika mwa anthu: dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kusaona bwino, kulephera kulankhula. Amai ena ooneka amoyo anabala ana opunduka. Kutaya madziwo kunaleka mu 1968, patapita zaka 12, ndipo anthu oposa 2,000 analembedwa ndi boma kuti anadwala nthendayo. Mercury sindiyo cotsalira cacikuru ca migodi ya mkuwa, koma okumba golide ndi manja m'maiko ambiri a Africa aigwiritsa nchito. Isiyana ndi mkuwa pa cinthu cimodzi coopsa: ikhala mu mnofu weniweni, ndipo icuruka pamene nsomba yaikuru idya yaing'ono.

Mitsinje ya pakhomo

Lusaka nayenso ali ndi madzi ace oipa. Dera la mafakitale liri pafupi ndi Matero, George ndi Kanyama, ndipo nchito zonga kufufuta zikopa, kupanga utoto, kupha ng'ombe ndi kutsuka makina zitulutsa madzi okhala ndi mafuta, mwazi ndi zitsulo. Mipope ya zonyansa ya mbali imeneyi ipita ku malo oyeretsera a ku Chunga, ndipo kucokera kumeneko madzi atsata kamtsinje ka Chunga, nalowa mu Mwembeshi, nafika mu Kafue. A ku Manchinchi atsikira mu Ngwerere, nalowa mu Chongwe, nathira mu Zambezi. Malo awiriwa anamangidwa mzinda ukali waung'ono, ndipo kwa zaka zambiri analandira madzi oposa mphamvu yao. Malo oyeretsera otere apangidwira zonyansa zobvunda. Citsulo cingokhala m'matope ace kapena kupitirira ndi madzi.

Pansi pa Kanyama ndi Chawama pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, kotero kuti cotayidwa pamwamba cifika msanga m'zitsime zosazama. Kuwiritsa madzi kupha tizirombo ta kolera, ndipo nkofunika ndithu, koma sikucotsa citsulo.

Cimene wodya nsomba ayenera kudziwa

Coyamba, kupunduka kwa ulusi wa nsomba sikulowa mwa munthu woidya. Mimba igaya ulusiwo monga igaya cakudya cina ciri conse. Cimene cingalowe ndi citsulo cimene cinadula ulusiwo, ndipo oyamba kubvutika naco ndi ana ang'ono ndi amai apakati.

Caciwiri, moto, mcere, utsi ndi dzuwa sizicotsa citsulo. Kuumitsa nsomba kucotsa madzi okha. Cotero nsomba zotoledwa zitafa kale pa mtsinje siziyenera kudyedwa, kugulitsidwa kapena kupatsidwa nkhumba ndi nkhuku. Ngati pamveka za ngozi kumtunda, ndipo pa msika pafika nsomba zambiri za mtengo wotsika modabwitsa, wogula afunse kumene zacokera.

Cacitatu, popeza mkuwa ndi cadmium zikhala makamaka m'ciwindi, m'impso ndi m'makha, wokonza nsomba yaikuru acotse zam'kati zonse ndi makha, nazikwirire. Milamba ya m'ngalande ndi m'maiwe a zonyansa, imene anyamata aigwira ndi mbedza, isalowe m'mphika.

Cacinai, palibe cifukwa ca kuleka nsomba. Ndiyo ndiwo imene ikuza ana m'nyumba zosafika pa nyama, ndipo yambiri ya pa misika ya Lusaka icokera ku madzi akutali ndi migodi.

Amene aona poyamba

Lamulo la Environmental Management Act la 2011 linakhazikitsa bungwe la ZEMA, limene lipereka cilolezo kwa kampani iri yonse yotaya madzi, ndipo liri ndi mphamvu ya kuyesa madziwo ndi kulanga wopyola muyeso. Koma oyang'anira a boma sagona pa damu. Amene aona poyamba cinyezi pa khoma, mng'alu m'dothi, kapena madzi okwera kufikira m'milomo ya damu m'mwezi wa mvula, ndi wanchito wa pa shifiti. Cakudza siciyimba ng'oma, koma khoma la dothi kawirikawiri lipereka zizindikiro lisanagwe. Wanchito wonena zimenezi kwa kapitao, kwa a bungwe la anchito kapena kwa a Mines Safety Department acinjiriza mtsinje, acinjirizanso nchito yace, pakuti kampani imene damu lace lagumuka iimitsidwa, monga inaimitsidwa ya ku Chambishi. Momwemonso msodzi woona nsomba zopindika kapena za zotupa akauze a Dipatimenti ya za Nsomba, nachule malo ndi tsiku.

Dziko lino lidya mkuwa, ndipo palibe amene afuna kuti migodi itsekedwe. Cofunika ndi cakuti kuyesa kusathe pa tsiku limene madzi ayera ndi nsomba zakufa zakwiriridwa. Matope a mu Mwambashi ndi mu Kafue, ziwindi ndi mwazi wa bream ndi milamba, ndi kucuruka kwa tiana ta nsomba m'dzinja liri lonse, ziyenera kuyesedwa kwa zaka zingapo, kuyambira ku Chambishi kufikira ku Kafue Flats. Ndipo zopezekazo zilengezedwe poyera, m'Cinyanja, m'Cibemba ndi m'Citonga, kuti msodzi wa ku Namwala ndi mai wogulitsa pa tebulo ku Mtendere adziwe nsomba imene ali kupatsa anthu.